Funsani za Ndalama: Mwana akupita ku koleji, nanga khadi la ngongole timulole?

Mwezi uno makalata ambiri achokera kwa makolo amene ana awo akumanga katundu kupita kusukulu za ukachenjede, ena kunja, ena konkuno. Tasankhapo asanu ndi imodzi, ndipo ena tawafupikitsa.

Mwana wanga wamkazi wa zaka 19 akupita ku Leeds mu Seputembala kukaphunzira unamwino. Azakhali ake amene amakhala konko akuti akangofika akatenge kirediti khadi. Ine ndimangodziwa khadi la ATM. Kusiyana kwake n'kotani, ndipo ndimuuze chiyani asananyamuke? — Mayi wa ku Area 47, Lilongwe

Mayi, khadi la ATM limene muli nalo limatapa ndalama zanu zomwe, ndipo zikatha mu akaunti basi makina amakana. Kirediti khadi limatapa ndalama za banki. Banki imaika malire, tinene mapaundi 500, ndipo mwana akagula chinthu ndiye kuti wakongola. Vuto lake makhadi awiriwa amaoneka chimodzimodzi, amagunditsidwa pa makina omwewo, ndipo palibe chimene chimamukumbutsa mwana kuti ili ndi thumba lake, ili ndi la eni.

Choyamba kumuphunzitsa ndi kuwerenga sitetimenti. Imatuluka kamodzi pamwezi, ndipo pamakhala zinthu zitatu zimene ayenera kuzipeza osafunsa munthu: ngongole yonse ya mweziwo, tsiku lomaliza kulipira, ndi kandalama kochepa kamene banki imati minimum payment. Tiyerekeze kuti sitetimenti imatsekedwa pa 5 mwezi uliwonse ndipo tsiku lolipira ndi pa 30. Nsapato zogulidwa pa 6 Seputembala zidzaoneka pa sitetimenti ya pa 5 Okutobala, n'kulipiridwa pa 30 Okutobala, masiku 54 opanda chiwongoladzanja. Zogulidwa pa 4 Okutobala zili ndi masiku 26 okha. Mabanki a ku Britain akamalengeza za masiku ofika 56 opanda chiwongoladzanja amanena zimenezi. Koma mwayiwu ndi wa munthu amene walipira ngongole yonse ya pa sitetimenti, osasiyako ngakhale paundi imodzi. Akasiyako pang'ono, pa makhadi ambiri chiwongoladzanja chimawerengedwa kuyambira tsiku limene anagula, ndipo zogula za mwezi wotsatira nazo zimayamba kubereka nthawi yomweyo.

Pamene ana ambiri amagwera ndi pa minimum payment, chifukwa amaganiza kuti akapereka imeneyo ndiye kuti athana nazo. Khalani naye pansi ndi pepala muwerengere limodzi. Ngongole ikhale mapaundi 1,000, chiwongoladzanja 2 peresenti pamwezi, komwe ndi pafupifupi 24 peresenti pachaka. Ku Britain minimum payment imakhala osachepera 1 peresenti ya ngongole kuphatikiza chiwongoladzanja cha mweziwo. Mwezi woyamba apereka mapaundi 30, koma 20 ndi chiwongoladzanja, 10 okha ndi amene adula ngongole. Pakutha miyezi 12 adzakhala atapereka pafupifupi mapaundi 341, ngongole ikadali pa 886. Kuti ingofika theka pamafunika miyezi 69, zaka zoyandikira zisanu ndi chimodzi, mwana atamaliza kale sukulu, komanso zimenezo ndi ngati sanagulenso kanthu ndi khadilo. Yemweyo atamapereka mapaundi 100 mwezi uliwonse, ngongole itha m'miyezi 12 ndipo banki idya pafupifupi 127. Masamuwa achite yekha ndi dzanja lake. Zowerengera yekha zimakhala m'mutu kuposa zouzidwa ndi mayi ake.

M'mera mpoyamba, choncho miyezi iwiri kapena itatu yatsalayi musaitaye. Mutsegulireni akaunti yake konkuno, muziikamo ndalama ya mwezi wonse kamodzi, ndipo azilemba chilichonse chimene wagula. Kumapeto kwa mwezi aike zolemba zake pambali pa sitetimenti ya banki, muone ngati zikugwirizana. Ndalama ikatha pa 18 musawonjezere. Ngati sangathe kufikitsa ndalama yake kumapeto kwa mwezi, khadi la ngongole adikire kaye, ngakhale azakhali atanena chotani.

Akadzalitenga, pali zinthu zinayi zoti achite tsiku lomwelo. Aike Direct Debit (banki kumadula yokha ndalama pa tsiku lake) yolipira ngongole yonse, osati minimum, kuchokera mu akaunti imene mumalowa ndalama zake, ndipo tsiku lolipira alisunthire pafupi ndi pamene ndalamazo zimalowa, chifukwa mabanki ambiri amalola. Apemphe malire ochepa, 250 kapena 300, ndipo akane zoti banki izimukwezera yokha. Atsegule mauthenga a pafoni oti azimudziwitsa khadi likangogwiritsidwa ntchito. Ndipo asankhe chinthu chimodzi kapena ziwiri zimene amalipira kale mwezi ndi mwezi, monga bilu ya foni kapena tikiti ya basi, zokhazo ndiye zizidutsa pa khadi.

Chimodzi choletsedwa ndithu: kutapa ndalama pa ATM ndi kirediti khadi. Pamenepo palibe masiku aulere. Banki imadula pompo, nthawi zambiri pafupifupi 3 peresenti, ndipo chiwongoladzanja chimayamba tsiku lomwelo, kawirikawiri chokwera kuposa cha zogula.

Azakhali ake sakulakwa kwenikweni. Ku Britain mbiri ya kabwezedwe ka ngongole imasungidwa ndi mabungwe a Experian, Equifax ndi TransUnion, ndipo imaonedwa munthu akafuna foni ya kontrakiti, galimoto yangongole kapena ngongole ya nyumba. Khadi limatetezanso: malinga ndi Section 75 ya Consumer Credit Act ya 1974, akagula chinthu cha mtengo woposa mapaundi 100 mpaka 30,000, monga laputopu kapena tikiti ya ndege, wogulitsa n'kumupusitsa kapena kampani n'kugwa, banki ya khadi imayenera kuyankha limodzi ndi wogulitsayo. Kungoti mawu akuti "akangofika" ndi amene tikuwakana. Mlendo wopanda mbiri mabanki ambiri amamukana, ndipo pempho lililonse limasiya chizindikiro pa fayilo yake, moti kupempha kanayi pa sabata imodzi kumamuonetsa ngati munthu wothedwa nzeru. Ayambe ndi akaunti wamba, akhale miyezi ingapo pa adiresi imodzi, ndipo alembetse m'kaundula wa ovota. Amalawi amene ali ndi chilolezo chokhala m'dzikomo amaloledwa kulembetsa chifukwa cha Commonwealth, ndipo mabanki amagwiritsa ntchito kaundulayo potsimikiza adiresi.

Mnyamata wanga ali ndi zaka 18, wayamba koleji ku Indiana. Banki yamukana khadi, akuti apeze womusainira. Malume ake amene ali konko avomera kusaina. Kodi pali choopsa? — Bambo a ku Chilomoni, Blantyre

Bambo, kumukanako ndi lamulo, osati tsankho. Ku America, CARD Act ya 2009 imaletsa banki kupereka khadi kwa munthu wosafika zaka 21 pokhapokha ataonetsa kuti ali ndi ndalama zakezake zolowa, kapena pali wamkulu womusainira. Lamuloli linabwera makampani a makhadi atazolowera kuika matebulo pa makoleji n'kumakopa ana ndi masikipa aulere.

Choopsa chilipo, ndipo chili pa malume. Wosainira si mboni. Ngongole yonse ndi yakenso, ndipo mphwake akachedwa kulipira masiku opitirira 30, chilemacho chimalembedwa pa mbiri ya onse awiri n'kukhalapo zaka 7. Malume akhoza kudzakanidwa ngongole ya nyumba chifukwa cha pitsa imene anadya mwana wa mlongo wawo. Ubale umasokonekera pa zinthu zotere, ndipo ife sitingalangize njira imeneyi pamene pali zina ziwiri zofewa.

Yoyamba ndi secured card. Mnyamata amaika chikole, nthawi zambiri kuyambira madola 200, ndipo malire a khadi amakhala omwewo. Akamalipira bwino banki imadzabweza chikolecho, ndipo akalephera chimene chatayika n'chodziwikiratu. Mabanki ambiri amafuna Social Security number, nambala ya boma yozindikiritsa munthu, imene wophunzira wa viza ya sukulu ya F-1 amaipeza akapeza ganyu yovomerezeka, monga ya pa kampasi, imene imaloledwa mpaka maola 20 pa sabata nthawi ya maphunziro. Ganyu yomweyo ndi imene imakhala umboni wa ndalama zolowa.

Yachiwiri, malume amuike pa khadi lawo ngati authorized user, munthu wololedwa kugwiritsa ntchito khadi la wina. Apa ngongole ndi ya malume okha, koma amaona chilichonse chimene chagulidwa ndipo akhoza kumuchotsa ndi foni imodzi. Ayambe afunsa ngati banki yawo imatumiza mbiri ya authorized user ku mabungwe osunga mbiri, chifukwa ngati situmiza, mwana sapindulapo kanthu.

Mumuuzenso za mapointi a FICO, muyezo wa mbiri ya ngongole ya munthu ku America, amene amayambira pa 300 kufika 850. Gawo lalikulu, 35 peresenti, limachokera pa kulipira pa nthawi yake, ndipo 30 peresenti pa kuchuluka kwa ngongole poyerekeza ndi malire. Pa khadi la madola 200, sitetimenti ikamatsekedwa pasamapezeke zoposa madola 60, ndipo zikachepera pamenepo ndi bwinonso. Anzake adzamuuza kuti kusiyako kangongole kochepa mwezi uliwonse kumakweza mapointi. Limenelo ndi bodza. Kumangopatsa banki chiwongoladzanja chaulere.

Ine ndimalandira makwacha. Ndinkaganiza kuti mwana azigwiritsa ntchito khadi lake kunjako, ine ndizitumiza ndalama yolipira sitetimenti ikatuluka. Si nzeru imeneyo? — Mphunzitsi wopuma, Zomba

Aphunzitsi, mwatembenuza dongosolo. Ndalama izitsogola, khadi lizitsatira. Ngongole ya mwanayo ili mu madola kapena mapaundi, inu thumba lanu lili mu makwacha, ndipo pakati pa tsiku logula ndi tsiku lolipira pakhoza kuchitika chilichonse. Mu Meyi 2022 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti. Mu Novembala 2023 inatsitsidwanso ndi 44 peresenti, dola imodzi kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Kholo limene linali ndi ngongole ya madola 500 linagona likufunika K590,000, n'kudzuka likufunika K850,000, mwana osagulanso kanthu. Onjezerani kuti ndalama zakunja sizipezeka m'mabanki tsiku limene mwazifuna, ndipo kutumiza kumatenga masiku. Banki ya ku London kapena ku Chicago siimva zoti forex yasowa ku Malawi. Tsiku likadutsa imadula chindapusa, ku Britain nthawi zambiri mapaundi 12, ndipo masiku aulere aja amathera pomwepo.

Tumizani ndalama ya teremu kapena ya mwezi isanayambe kudyedwa, ikhale mu akaunti yake ya konko. Agule ndi khadi chokhacho chimene ndalama yake ili kale mu akauntiyo. Mukatha, muikeniko ndalama yapadera yokwana lendi ya mwezi umodzi mu akaunti ina yosungira, ya tsiku la mavuto. Ndipo mugwirizane poyera kuti mavuto n'chiyani: kudwala, kubedwa, ulendo wa maliro. Foni yatsopano ndi phwando la tsiku lobadwa la mnzake sizili m'gulumo.

Kanthu kena kakang'ono kamene kamadya ndalama mwakachetechete: akamalipira m'dziko lina makina n'kufunsa ngati akufuna kulipira mu ndalama ya kumene khadi linachokera kapena ya m'dziko limene ali, asankhe ya m'dziko limene ali. Akasankha inayo, mtengo wosinthira amaika ndi eni makinawo, ndipo umakhala woipa kuposa wa banki.

Mwana wanga wamkazi ali chaka chachiwiri pa yunivesite kuno ku Joni. Ndangotulukira kuti ali ndi ngongole ya R8,000 pa kirediti khadi ndi makhadi awiri a m'masitolo a zovala. Anabisa miyezi isanu. Ndilipire, kapena ndimusiye aone yekha? — Bambo wokhumudwa, Johannesburg

Bambo, mkwiyo wanu ndi womveka, koma dziwani kuti kubisako n'kumene kwakulitsa ngongoleyi, ndipo ana amabisa akamaopa kukalipiridwa kuposa mmene amaopera banki. Mawu oyamba akhale ofunsa mapepala, zokalipa zibwere pambuyo ngati zidzafunikebe.

Atulutse masitetimenti onse atatu a miyezi isanu ija. Pa lililonse lembani ngongole yotsala, chiwongoladzanja, chindapusa cha mwezi ndi mwezi, inshulansi imene mwina inaphatikizidwa iye osadziwa, komanso ngati pali miyezi imene sanalipire. Ku South Africa, malamulo a pansi pa National Credit Act ya 2005 amalola chiwongoladzanja cha makhadi kufika pa repo rate (chiwongoladzanja chimene banki yaikulu ya dzikolo imaika) kuphatikiza 14 peresenti. Titenge 21 peresenti ngati chitsanzo: pa R8,000 ndi R140 mwezi uliwonse, zindapusa za akaunti zitatu zisanalowe. Atengenso lipoti la mbiri yake ya ngongole, limene lamulo lomwelo limalola munthu kulitenga ulere kamodzi pachaka ku bungwe lililonse losunga mbiri. Mwina mupezamo akaunti yachinayi imene sanaitchule. Ngati walandira kalata yotchula Section 129 ya lamulo lomwelo, musaiike pansi pa matiresi, chifukwa imeneyo ndi chenjezo lakuti obwereketsa akhoza kupita kukhoti. Ayankhe msanga n'kupempha dongosolo la kalipiridwe.

Maganizo athu ndi akuti kumusiya yekha kumalemeretsa obwereketsa, ndipo kulipira zonse mwakachetechete kumaitana ngongole yachiwiri. Ngati mungathe, lipirani inuyo mwachindunji ku akauntizo, ndalama isadutse m'manja mwake, kuyambira imene yatsalira m'mbuyo kenako ya chiwongoladzanja chokwera. Makhadi a m'masitolo atsekedwe, ndipo apemphe kalata yotsimikiza kuti atsekedwa, chifukwa kudula khadi ndi lumo sikutseka akaunti ndipo chindapusa cha mwezi chimapitirira. Kirediti khadi litsitsidwe malire kufika R1,000 kapena R1,500. Kenako mulembe pa pepala kuti azikubwezerani zingati, tinene R400 pamwezi kwa miyezi 20, kuchokera pa ganyu kapena pa ndalama yake ya m'thumba. Muzilandira ndithu, ngakhale mutamazisunga kuti mudzamupatse pomaliza sukulu.

Achenjerenso ndi funso la pa thilu lakuti "straight kapena budget". Budget imagawa malipiro m'miyezi ingapo ndipo imabereka chiwongoladzanja, masiku aulere aja saikhudza.

Wanga sakupita kunja, wasankhidwa ku Bunda. Zonsezi zikundikhudza? — Mayi wa ku Kasungu

Mayi, konkuno wophunzira sapatsidwa kirediti khadi wamba, chifukwa mabanki amafuna munthu wa malipiro okhazikika. Koma ngongole yosavuta kutenga ilipo, yangovala malaya ena. Mwana amene anazolowera Kutapa kapena Pasavute amadziwa kale kukoma kolandira lero n'kudzadulidwa mawa. Pa kampasi adzapeza ngongole za pafoni, kubetcha mpira, ndi akatapila amene amabwereketsa K20,000 kuti pakutha mwezi abweze K30,000. Imeneyo ndi 50 peresenti pamwezi umodzi, pamene khadi la ku Britain lija linali 2 peresenti. Akatapila ena amasunga khadi la ATM la wokongola pamodzi ndi PIN yake, kuti ndalama ikangolowa atape okha. Muuzeni kuti khadi ndi PIN sizichoka m'manja mwake, ngakhale kwa chibwenzi.

Teremu yoyamba muzimutumizira ya masabata awiri awiri, akaonetsa kuti akukwanitsa musinthe kukhala ya mwezi. Ngati walandira ngongole ya Higher Education Students' Loans and Grants Board, adziwe kuyambira tsiku loyamba kuti si mphatso, idzabwezedwa akamaliza. Kunonso kuli mabungwe osunga mbiri ya ngongole pansi pa Credit Reference Bureau Act ya 2010, ndipo mabanki amayang'anako asanabwereketse munthu.

Ndimasunga mwana wa mchimwene wanga amene akuphunzira kuno. Munthu wina pa Snapchat wamulonjeza mapaundi 200 ngati atalola kuti ndalama zidutse mu akaunti yake. Akuti palibe vuto chifukwa si kuba. Komanso sabata yatha anataya chikwama muli makhadi. — Azakhali, Manchester

Azakhali, mukanizeni lero lomwe. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndalama zimenezo zimakhala zobedwa kwa anthu ena, ndipo wozidutsitsa amatchedwa money mule. Ku Britain umenewo ndi mlandu wobisa gwero la ndalama zakuba, ndipo chilango chake chimafika zaka 14 kundende. Ngakhale nkhani isafike kukhoti, banki imatseka akaunti n'kuika dzina lake m'kaundula wa Cifas, bungwe lolimbana ndi chinyengo, mpaka zaka 6, ndipo nthawi yonseyo kutsegula akaunti ina kumavuta kwambiri. Kwa mwana wa viza ya sukulu, mlandu wotere ukhoza kutha ndi sukuluyo pamodzi ndi chilolezo chokhalira m'dzikomo. Ophunzira ochokera kunja ndi amene achinyengowa amawasaka, podziwa kuti ali ndi akaunti yatsopano ndi thumba lopepuka. Asayankhenso uthengawo, aujambule, ndipo ngati anapereka kale nambala ya akaunti aimbire banki yake iye mwini n'kufotokoza zonse ndalamazo zisanalowe.

Za chikwama: atsegule app ya banki n'kuumitsa makhadi onse nthawi yomweyo, kenako anene kuti atayika kuti amutumizire ena. Ayang'ane zonse zimene zagulidwa kuyambira tsiku limene chinatayika, makamaka tizinthu ta mtengo wochepa togunditsa popanda PIN, ndipo chilichonse chimene sachidziwa achinene ku banki msanga. Zogulidwa ndi wakuba nthawi zambiri banki imabweza, pokhapokha zitaoneka kuti mwini khadi anachita chinyengo kapena anatayirira kwambiri, monga kulemba PIN pa kapepala m'chikwama momwemo. Makhadi atsopano akafika, asinthe nambala pa zonse zimene amalipira mwezi ndi mwezi ndi khadi lakale, monga foni ndi jimu, kuti malipiro asakanike. Masiku otsatirawa akhoza kulandira foni ya munthu wodzitcha wa ku banki, wofunsa PIN, manambala atatu a kuseri kwa khadi kapena nambala imene yangobwera pa SMS. Adule foniyo, adikire mphindi zingapo, kenako aimbe yekha nambala yolembedwa kuseri kwa khadi latsopano, kapena 159, imene ku Britain imalumikiza munthu ku banki yake mwachindunji.